Kalumo ka mlendo: masabata atatu pakati pa CAAD10 ndi CAAD13

Mphwanga wa ku Cape Town, mwana woyamba wa achemwali anga, anatsika basi ya ku Joni mu Julaye atanyamula katoni yotalika ngati chitseko cha bafa. Amayi ake anaganiza kuti wawagulira TV, mpaka anayamba kusuntha kabati pabalaza. Ine nditangoona kuti katoni yonseyo akuigwira ndi dzanja limodzi, linalo likuseweretsa foni, ndinadziwiratu kuti muli njinga. Matenda amenewa ndinamupatsira ndine ali Fomu 2.

Anaitulutsira pakhonde pathu ku Kanjedza: Cannondale CAAD13, ya mabuleki a disiki, yakuda bii. Anaimanga msangamsanga, n'kuitsamiritsa kukhoma pambali pa yanga, CAAD10 yoyera ya 2012 imene ndinagula mu 2014 kwa mwini wake woyamba, nthawi imene ndinkagwira ntchito ku Johannesburg. Zonse ndi saizi 54, zonse ndi za aluminiyamu, kampani imodzi, fuko limodzi. Zasiyana mibadwo basi. Anaima chapatali, manja m'chiuno.

"Amalume, agogo akumana ndi mdzukulu."

"Iwe, agogowa anayamba kukwera Thabwa usanadziwe kumata chubu."

Iyeyo anali ndi ulendo wa ku Ntcheu kukaona agogo ake enieni, kenako ku Lilongwe kukalondola za pasipoti. Njinga anandisiyira masabata atatu, ati ndikaipalasa ndidzasiya mwano. Mwano wake ndi uwu: kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza aliyense wofuna kumva, ndi osafuna omwe, kuti njinga za aluminiyamu zinafika pachimake pa CAAD10, ndipo zonse zobwera pambuyo pake ndi njira yongotolera ndalama za anyamata.

Kwa amene simukuidziwa mbumba imeneyi, CAAD ndi chidule cha Cannondale Advanced Aluminum Design. Kampaniyi ndi ya ku America, inayamba mu 1971 ku Connecticut, ndipo njinga yake yoyamba inatuluka mu 1983, ya aluminiyamu, pa nthawi imene pafupifupi dziko lonse linkapalasa chitsulo. Chinkadabwitsa anthu ndi kunenepa kwa mapaipi ake, ndipo kunenepako kuli ndi chifukwa. Aluminiyamu ndi yopepuka pafupifupi katatu kuyerekeza ndi chitsulo, koma imawetanso mosavuta pafupifupi katatu komweko. Ukapanga paipi yopyapyala ngati ya njinga ya kabaza, felemu imagwedera ngati bango. Mankhwala ake ndi kukulitsa mimba ya paipi n'kuchepetsa khoma lake, nzeru ya nsungwi. Pa mafelemu ngati awa pali malo amene khoma silikwana milimita imodzi. Ukagogoda ndi chikhadabo pakati pa paipi yapamwamba, imalira ngati chitini chopanda kanthu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, timu ya ku Italy ya Saeco inkathamanga pa mafelemu ofiira a CAAD. Mario Cipollini anapambana masiteji anayi motsatizana pa Tour de France ya 1999, ndipo Gilberto Simoni anatenga Giro d'Italia ya 2003 ali m'timu yomweyo. Kenako mafelemu a kaboni (carbon fibre) analanda mipikisano ikuluikulu, aluminiyamu n'kutsikira kwa ife ogula ndi ndalama ya m'thumba mwathu.

Mpaka pa CAAD9, mafelemu apamwamba a mtunduwu ankawotcheredwa ku Bedford, m'chigawo cha Pennsylvania. CAAD10, imene inatuluka mu 2010, inkapangidwa ku Asia. Bambo amene anandigulitsa yangayi anali ndi CAAD9 atakoloweka kukhoma la galaja, ndipo uku akuwerenga marandi anga ankandiuza kuti yeniyeni ndi iyo ili kukhomayo, zinazi ndi zongoyerekeza. Ndinamuseka chamumtima. Ndinati ukalamba ndi woipa. Patapita zaka 10, ndinadzipeza ndili pakhonde ndikuuza mphwanga mawu omwewo, mzimu womwewo, kungosintha nambala.

Ukaziimika pamodzi, diso limaona kusiyana usanagwire n'komwe. CAAD10 ndi njinga imene mwana angajambule ukamuuza kuti jambula njinga: paipi yapamwamba yogona pafupifupi mowongoka, timapaipi tiwiri takumbuyo tikukwera mpaka kukakumana m'munsi mwa chishalo, mawaya a magiya akuyenda panja poonekera. CAAD13, ya 2019, timapaipi takumbuyo tinatsitsidwa, timakagwira m'munsi ndithu. Mapaipi ake si obulungira: kutsogolo ndi ozungulira, kumbuyo ndi odulidwa ngati chilembo D. Mawaya analowa m'kati. Ngakhale kanati komangira chishalo sikaoneka, kanabisika m'felemu. Kunena zoona, tsiku loyamba ndinaiona yonyasa. Inkaoneka ngati njinga ya kaboni yobadwira m'banja lolakwika.

Pakati pa ziwirizi pali CAAD12 ya 2015. Nambala 11 anaidumpha. Pa sikelo nkhani yake ili chonchi: felemu ya CAAD10 ankaitchula pa magalamu pafupifupi 1,150, ya CAAD12 pa 1,098, ndipo CAAD13 inabwerera m'mbuyo, inalemerako kuposa CAAD12. Ndinkaigwiritsa ntchito kwambiri mfundo imeneyi pokangana: mwaona, yatsopano n'kukhala yolemera. Koma tikunena za magalamu 50 kapena kuposerapo pang'ono, kulemera kwa dzira limodzi, pa felemu yonse imene ikungoposa paketi ya shuga. Ine ndekha m'zaka 10 zimenezi ndawonjezera mapaketi a shuga asanu ndi awiri, ndipo onse anakhazikika malo amodzi.

Ulendo woyamba ndinapita ku Thyolo, Lamlungu m'mamawa, njira imene miyendo yanga imaidziwa ngati njira ya kuchigayo: kutuluka mu Limbe, kudutsa Bvumbwe amayi akuyala kabichi ndi tomato, mpaka kukaona minda ya tiyi. Msewu umenewu uli ndi malo osalala, uli ndi zigamba za phula zosanjikana pa zigamba zinzake, uli ndi mahampu ndi timizere tija timagwedeza mano polowa pamsika. Pa CAAD10 ndimadziwa pamene ndiyenera kunyamuka pachishalo, pamene ndiyenera kumasula zala, ndi pamene dzanzi limayamba kugwira chala chaching'ono cha kumanja. Nthawi zambiri limayamba ndikangodutsa Bvumbwe.

Tsiku limenelo dzanzi silinabwere. Ndinafika pamene ndimatembenukira, ndinagula nthochi, n'kuyamba kutambasula zala mwachizolowezi, koma munalibe choti nditambasule. Pobwerera ndinachita dala kulondola zigamba zimene ndimazizemba masiku onse. Njinga inkangodutsa, phokoso lokha likumveka pansi, thupi osalandira kanthu. Ndinafika kunyumba nditakwiya. Mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndagwa. Ndinati ayi, kungoti mwana uja akhoza kukhala kuti akunena zoona.

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma ine ndinafuna kudziwa kuti chakuthwa n'chiyani kwenikweni, lumo kapena chigwiriro chake.

Ndinayamba ndi matayala. Anga ndi a mamilimita 25, ndimawapopa kufika 95 psi, muyezo wa mphamvu ya mpweya. Ake analembedwa 28, koma chifukwa malimu ake ndi otambalala m'kati, nditayeza ndinapeza akuyandikira 30, ndipo iye amawapopa 70 basi. Mawilo sindikanasinthanitsa, poti ake ndi a disiki, anga buleki imagwira palimu. Koma matayala onse ndi a saizi imodzi ya wilo, 700c, amalowa kulikonse. Lachitatu madzulo ndinakhala pakhonde ndi timasupuni ta matayala, ndinavula onse anayi. Anga opyapyala ndinaveka pa CAAD13, n'kupopa 95 yanga ija. M'mawa mwake ndinabwerera ku Bvumbwe.

Dzanzi linabwera, pamalo pake pomwe, ngati munthu wosunga nthawi.

Sikuti ubwino wonse unathawa. Kumanja kunali ngati ndili pa njinga yanga, koma kumbuyo kunatsala kufewa kwina kumene CAAD10 ilibe. Ukagunda mphepete mwa chigamba uli chikhalire, yanga imakumenya kamodzi, mwachindunji, ngati ndodo ya aphunzitsi akale. CAAD13 imakukankha m'malo mokumenya. Apa ndi pamene ntchito ya timapaipi totsitsidwa tija ndi paipi ya chishalo ya D imaonekera: chishalo chimapatsidwa mpata woweramira kumbuyo pang'ono pokha. Zilipo, si nthano. Koma ndikati ndigawe mwa kumva kwa thupi langa, gawo lalikulu la chisomo chija chinali mpweya wa m'matayala, laling'ono n'kukhala la felemu.

Ndinasangalala kwa ola limodzi. Ndinati basi ndawagwira, chinsinsi ndi matayala, ndigula a 28 nkhani ithe. Ndinaveka ake pa CAAD10, ndinapopa, ndinalowetsa wilo lakutsogolo. Linalowa. Linazungulira. Koma mpata umene unatsala pakati pa tayala ndi denga la foloko unali wongokwana chikhadabo. Kumbuyo, pansi pa buleki, chimodzimodzi. Ndinaitulutsa mumsewu wathu wafumbi kukafika paphula, mamita 200 okha, ndipo kamwala koyamba kamene kanamatirira kutayala kanalira kwee pansi pa foloko. Foloko yake ndi ya kaboni. Ndinatsika, ndinainyamula paphewa kubwerera kunyumba, ana a aneba akundifunsa ngati yaphulika.

Ndi pamenepo pamene ndinamvetsa chimene chasintha pakati pa mibadwo iwiriyi. Si mtundu wa aluminiyamu, si magalamu, si maonekedwe. Ndi malo. CAAD10 inajambulidwa nthawi imene aliyense ankakhulupirira kuti tayala la 23, lopopedwa gwa ngati mwala, ndilo lothamanga. Okonza sanaone chifukwa chosiyira mpata woposa 25. CAAD13 ya disiki inajambulidwa anthu atazindikira kuti pamsewu weniweni, wosasalala, tayala lonenepa lofewa silichedwetsa, chifukwa mphamvu imene inkathera pogwedeza thupi la wopalasa imatsalira kupititsa njinga patsogolo. Ndiye anaisiyira mpata wa tayala la 30. Mamilimita asanu. Chishalo ungasinthe, mahandulo ungasinthe, magiya ungasinthe, koma mamilimita asanu amenewa sungawagule pashopu iliyonse n'kuwaika pa felemu yakale. Ndipo kwa ife amene misewu yathu ili mmene ilirimu, ndi ofunika kuposa mmene alili kwa amene anaijambula.

Sabata yachiwiri ndinatsikira ku Chikwawa. Amene mumaidziwa njirayi mukudziwa kuti kuchoka m'Blantyre, kudutsa Mpemba ndi Chadzunda, msewu umafika poti dziko limangotseguka pansi pako, Shire akunyezimira kutali, ndipo umatsika mamita pafupifupi 900 m'makhotakhota mpaka pa Thabwa, kenako pa mlatho wa Kamuzu. Ndinanyamuka kuli chiperoni, kamvula kosaoneka kaja kamene sikanyowetsa malaya msanga koma kamasandutsa phula kukhala sopo. Pa CAAD10 tsiku lotere sinditsika. Buleki ya palimu ikanyowa, ukaifinya pamapita kamphindi wilo likuzungulira kaye, raba ikupukuta madzi, ndiye kenako igwire. Kamphindi kameneko n'kakafupi ukakhala pabalaza. Pakhota, lole ya nzimbe ikukwera mbali inayo, n'kakatali ngati ulaliki wa pamaliro.

Disiki ilibe kamphindi kameneko. Chala chimodzi, yagwira, ndipo mphamvu yake ndi yomweyo pakhota loyamba ndi lomaliza. Inalira ndithu, mluzu wonyansa umene unabalalitsa mbuzi, koma inagwira. Ndinafika pansi manja asanatope, dzuwa la kuchigwa litayamba kale kuwotcha, jekete ndikuivula. Pa mfundo imeneyi ndilibe chodzitetezera nacho. Palinso china chimene sindinkachiganizira: buleki ya palimu imadya limu. Mchenga wa dzinja ukalowa pa raba, ndiye kuti ukupala wilo lako ndi sandipepa. Malimu akutsogolo ndasintha kawiri. Pa disiki chimene chimatha ndi kachitsulo kozungulira ndi mapadi, wilo limatsala.

Pokwera pobwerera m'pamene agogo anabwezako. Masiku atatu pambuyo pake ndinakwera chitunda chomwecho pa CAAD10, chakudya cham'mawa chofanana. Nthawi inasiyana ndi mphindi imodzi yokha pa chitunda chotenga ola ndi kanthu, ndipo mphindi imodzi pa msinkhu wanga imadalira mmene ndagonera. Koma kamvekedwe kake n'kosiyana. Njinga yanga yonse ndi yopepukirapo, poti mabuleki a palimu ndi mawilo ake salemera ngati a disiki. Ukaimirira n'kuponda, imalumpha ngati yakhala ikudikira. CAAD13 imapita, siitaya mphamvu, koma imapita mwaulemu, ngati kalaliki wa kubanki. Chimene chinandithandiza pa iyo ndi giya: kumbuyo ili ndi masipuloketi 11 mpaka ya mano 32, pamene yanga ili ndi 10 mpaka ya mano 28. Imeneyo si nkhani ya felemu, ngakhale mawondo sasamala kuti thandizo lachokera kuti.

Za mphepo ndidutsapo msanga. Kampani inati mapaipi a D aja amachepetsa kukanika kwa mphepo mpaka 30 peresenti kuyerekeza ndi obulungira. Ndilibe chifukwa chowatsutsira. Koma akunena za mapaipi, pamene chotchinga mphepo chachikulu panjinga ndi munthu, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a vuto lonse. Ndinaipalasa pa msewu wa Midima mwera ukuwomba kumaso, ndipo ndinavutika monga ndimavutikira chaka chilichonse. Wothamanga makilomita 40 pa ola m'gulu la mpikisano mwina amapeza kanthu. Ine wa 25, woima kawirikawiri kuti minibasi itsitse anthu, mapaketi a shuga aja ndiwo amalamula.

Chimene msana wanga unayamikira ndi kutsogolo. Pa saizi yomweyo, CAAD13 mahandulo amakhala m'mwamba pang'ono. Pa yanga ndinaunjika timaringi titatu pansi pa mahandulo kuti ndifike pamene CAAD13 imayambira. Mu 2014 ndinalibe kamodzi komwe.

Tsopano mbali imene mphwanga saiona ali ku Cape Town, kumene shopu ya njinga ili pakona iliyonse.

Ndili ndi amakaniko anga ku Limbe, bambo achikulire amene amakonza njinga za kabaza pansi pa shedi ya malata atatu. Sanapiteko kusukulu ya zimenezi, koma powongola limu palibe amene ndinamuona akuwaposa. Amamva sipoko yomasuka ndi khutu. CAAD10 amaidziwa ngati mwana wawo. Ndinapita nayo CAAD13 kuti aione basi. Anaizungulira kawiri, anafinya buleki, analondola kapaipi kake ndi chala mpaka pamene kanalowa m'foloko.

"Achimwene, waya wake ali kuti?"

"Mulibe waya, madala. Muli mafuta."

"Ndiye iyi ndi yoyenda magazi. Ikadwala mupite nayo ku Queens."

Anaseka, kenako anafunsa ngati mafuta ake ndi omwe aja a mabuleki a galimoto, poti amenewo ndi osasowa. Ayi ndithu, ndipo amene muli ndi mabuleki a Shimano mumve bwino: amafuna mineral oil. Mukathira a galimoto, timaraba ta m'kati timafufuma, buleki yonse yatha. Kutulutsa mpweya m'kapaipi kamenekonso kumafuna kakapu kake ndi sirinji. Si ntchito yovuta, koma ndi ntchito ya zida zimene pansi pa shedi palibe.

Yerekezani ndi agogo. Waya wa giya ukaduka, ndimagula wina, ndimalowetsa, ndimamanga, tiyi asanazizire. Zonse zili panja. Pa CAAD13 waya umayenda mumdima, umafunika kuuwedza ndi kaulusi ndi kuleza mtima. Paipi ya chishalo ya CAAD10 ndi yobulungira, mamilimita 27.2, saizi imene ili pa njinga zambirimbiri za kaunjika; itathyoka lero, mawa ndapeza ina mumsika. Ya CAAD13 ndi ya D, yofanana ndi ya mkulu wake wa kaboni SuperSix EVO, ndipo palibe ina ingalowe m'bowo limenelo. Maraba a buleki yanga, zikavuta, ndimatha kuika a njinga wamba n'kufika kunyumba. Mawilo anga amamangidwa ndi kandodo kopyapyala ka chitseko chofinya, kopezeka paliponse. Ake amamangidwa ndi mtanda wa mamilimita 12 wa mazinga akeake. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi chifukwa chomveka, ndipo zina ndi zomwe zija zandipatsa kufewa ndi buleki yabwino. Koma chilichonse chikutanthauzanso kudikira munthu wochokera ku Joni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndisadzionetse wolungama kwambiri, yanganso ili ndi zakezake. Kachitsulo kofewa kamene kamagwira giya yakumbuyo, kaja kanapangidwa dala kuti kazipindika m'malo mwa felemu ukagwa, n'kosiyana pa mtundu uliwonse wa njinga, ndipo ndimasunga tiwiri m'chitini cha mabisiketi. Ndiye pali BB30, bowo la pansi pamene pamadutsa mtanda wa mapedulo. Imeneyi ndi nzeru ya Cannondale yomwe, ya m'chaka cha 2000: mabelingi amakanikizidwa mwachindunji m'felemu, popanda mazinga, mtanda n'kukhala wonenepa mamilimita 30. Mwayi wake ndi woti belingi yake ndi 6806, ya 30 m'kati, 42 kunja, 7 m'mbali, saizi ya m'mafakitale imene ogulitsa mabelingi a makina amaidziwa. CAAD13 imagwiritsa mabelingi omwewo, koma bowo lake ndi BB30A, lotambalala mamilimita 73 m'malo mwa 68. Mamilimita asanu enanso, ndipo awa akutanthauza kuti mtanda wanga waufupi sungakwane pa yake.

BB30 ili ndi mbiri ya kulira, ndipo aliyense amene njinga yake yati tchwee amaloza pomwepo. Inenso mu 2018 ndinatha miyezi iwiri ndikuiloza. Ndinatulutsa mabelingi, ndinapaka girizi, ndinagula atsopano, kulira kuli pomwepo. Amene anapeza ndi madala a ku Limbe aja. Anamasula kandodo ka wilo lakumbuyo, anakapukuta ndi nsanza, anadonthezera mafuta pa chitseko chake, anamanga. Zii. Linali fumbi la Okutobala ndi ulesi wanga. Felemu ya aluminiyamu ili ngati ng'oma, phokoso likabadwira kumbuyo limakamvekera pakati pa miyendo. Anandilipiritsa mtengo wa kupopa tayala.

Pali chinthu chimodzi chimene agogo ndi mdzukulu amafanana ndendende, ndipo ndicho chimandidzutsa usiku nthawi zina. Aluminiyamu imatopa. Chitsulo, ukapanda kuchipyoza muyezo wina, chimatha kupirira kugwedezeka mpaka kalekale. Aluminiyamu ilibe muyezo woterowo. Bampu iliyonse imalembedwa m'kaundula, pang'onopang'ono, ngakhale kaundulayo ndi wamkulu kwambiri moti ambiri amagulitsa njinga asanafike kumapeto. Yanga yadutsa zaka 12. Pa paipi yapamwamba ili ndi kachibonga kamene handulo inasiya mu 2017, tsiku limene ndinkayang'ana wotchi m'malo moyang'ana mbuzi cha ku Lirangwe. Ndinakazunguliza ndi cholembera chosafufutika, ndipo ndikatsuka njinga ndimakayang'ana ndi tochi, pamodzi ndi mowotcherera monse: pakhosi, pansi pa bowo la mapedulo, kumbuyo kwa tcheni. Ndimafunafuna kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Mpaka lero sikanaoneke.

Tsiku limene kadzaoneke, ndiye kuti kwatha. Njinga ya kabaza ikathyoka, umapita kwa wowotcherera mawindo, madzulo ili pamsewu itanyamula matumba awiri a makala. Iyi ayi. Aluminiyamu ya 6069 ngati ya CAAD10 imafuna makina apadera owotcherera otchedwa TIG, ndipo ngakhale utapeza katswiri wake, kutentha kwa kuwotcherera kumafewetsa malo ozungulira. Kufakitale, akamaliza kuwotcherera amaika felemu yonse mu uvuni kuti mphamvu ibwerere. Popanda uvuniwo wangosuntha malo odzathyokera. CAAD13 nayo idzakalamba n'kufa imfa yomweyo, kungoti kaundula wake wangoyamba kumene, ndipo ndikuganiza kuti matayala ofewa aja akulembamo ndi dzanja lopepuka.

Mphwanga anabwera Lachisanu la sabata yachitatu, pasipoti ili m'thumba, thumba la mbatata ya kachewere lochokera kwa agogo ake lili paphewa. Loweruka tinapita limodzi ku Zomba, koma tinasinthana: ine pa yake, iye pa yanga. Mpaka pa Namadzi ankangodandaula, ati mano akugwedera, ati amalume mumakhala bwanji pa chinthu chotere. Titayamba kukwera ku Ku Chawe anaimirira, anaponda kawiri, n'kundisiya ngati ndaima. Ndinamupeza pamwamba atakhala pamwala, akudya mapichesi ouma a m'thumba mwanga mwa chishalo, akuyang'ana CAAD10 mwa mtundu wina.

"Amalume, iyi ili ndi moyo."

"Nanga mano?"

"Mano achira. Mukadzafuna kugulitsa mundiuze ine poyamba."

Ndinamuuza kuti sindigulitsa. Ndinamuuzanso, poti ndine munthu wamkulu ndipo panalibe wina womva, kuti felemu yake ndi yabwino kuposa yanga pa misewu yathu, ndipo ikadzang'aluka yangayi sindidzasakanso CAAD10 ina. Anafuna kuti ndibwereze ajambule pafoni. Ndinakana.

Lamlungu usiku tinaipakira m'katoni muja. Anachotsa mapedulo, wilo lakutsogolo, mahandulo. Pozula paipi ya chishalo anatulutsanso kamphero kobisika kaja kamene kamaifinya m'kati, kachitsulo kochepa ngati nsonga ya chala chamanthu, ati kangagwere m'felemu panjira. Anakaika m'bokosi la machesi kuti kasasowe. Lolemba m'mawa tinamuperekeza kokwerera basi, katoni inalowa pansi, amayi ake analira monga mwa nthawi zonse, basi inalowera ku Mwanza.

Lachitatu usiku foni inalira. Anali atafika, atamasula katoni, njinga ili chiimire pabalaza popanda chishalo.

"Amalume, taonani pawindo la kukhitchini."

Bokosi la machesi linali pomwepo, pambali pa mchere. Mayi a kunyumba anali atalitsegula kale kawiri pofuna kuyatsa mbaula. Ndalikulunga m'pepala, ndalimata ndi tepi, ndalemba nambala yake pamwamba, ndipo pali mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene akupita ku Joni kukaoda katundu sabata yamawa. Kuchoka pamenepo lidzafunika munthu wina wopita ku Cape Town. Iye akuti Loweruka likubwerali anzake akupita ku Chapman's Peak, ndipo akufunsa ngati ndingamubwereke agogo.